Musanaodenso mapensulo olakwika: mmene mungazindikirire, kulemba ndi kutchula 眉, chilembo cha nsidze

Achemwali anga ali ndi kasaluni pa Nchalo cha kumsika kuja, amaluka tsitsi, kumata zikhadabo, ndiye nyengo ya maukwati ikafika Loweruka lililonse amadzuka kusanache kukajambula nsidze za akwati ndi operekeza awo. Chaka chatha mu October anakwera minibasi kupita ku Limbe kukaoda katundu, anabwerako ndi kakatoni ka mapensulo madazeni atatu olembedwa Chitchaina chokhachokha, mnyamata wa mushopu anangowauza kuti eya mayi ndi a nsidze amenewo tengani. Koma anali a m'mphepete mwa diso, ofewa aja akuda bii, ndiye inu mukudziwa dzuwa la kuno mu October mmene limachitira, mkwati potuluka mu tchalitchi nsidze zinali zitatsetsereka ndi thukuta mpaka m'masaya, zithunzi zonse kuwonongeka, achemwali anabweza ndalama ndipo usiku umenewo sanadye. Mawa lake ananditumizira chithunzi cha paketi pa WhatsApp ati achimwene tandiwerengerani kuti ndagula chiyani ine. Panalembedwa 眼线笔. Chilembo cha nsidze panalibe olo pamodzi.

Ine Chitchaina ndinachiyamba nditagwira ntchito zaka ziwiri ngati kalaliki wa sitolo kwa makontilakita a ku China, kenako ndinapitiriza ndekha pa foni, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuphunzitsa azimayi a masaluni kuyambira pa Dyeratu mpaka Ngabu chilembo chimodzi chokha, ichi: 眉. Simukufunika kudziwa chilankhulo chonse ayi. Chilembochi mukachigwira bwino muzachipeza pa katundu wa ku China, Taiwan, Hong Kong ndi Japan, komanso muzamva kulira kwake m'mawu a ku Korea ndi Vietnam.

Choyamba mvetsani mmene zilembo zimenezi zimagwirira ntchito chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Tengani nambala 5. Inu mukayiwona mumati faifi, agogo anu amati zisanu, mukawoloka pa Marka kulowa ku Mozambique wogulitsa akuuzani kuti cinco, koma cholembedwa pa pepala ndi chomwecho ndipo nonse mwamvana mtengo. Zilembo za Chitchaina zili choncho. Maonekedwe ndi tanthauzo kawirikawiri sizisuntha, chomwe chimasintha ndi pakamwa pa munthu amene akuwerenga. A ku China amazitchula hanzi, a ku Japan kanji, a ku Korea hanja, dzina lomwelo limodzi kungoti aliyense ndi lilime lake.

Yambani ndi diso

Yang'anani mmunsi mwa 眉 muwona kabokosi kotalika kokhala ndi timizere tiwiri mkati, 目. Limenelo ndi diso. Kalekale linkajambulidwa chogona ngati diso lenileni ndi kamwanadiso pakati, kenako polemba mwachangu anthu analiimiritsa n'kulipanga makona. Pamwamba pake pali kadenga kokhala ndi mchira wotsikira kumanzere, umenewo ndiye ubweya. Basi chilembo chonse ndi chithunzi, diso ndi ubweya pamwamba pake. Ndipo si zongopeka ine pofuna kuti mukumbukire, zaka zoposa 3,000 zapitazo nthawi ya mafumu a Shang alauli ankakhwatcha mafunso awo pa zigoba za akamba ndi mafupa a ng'ombe, mafupa amenewo anafukulidwa kufupi ndi Anyang ku chigawo cha Henan ndipo mu 1899 akatswiri anazindikira kuti zokhwatchazo ndi zolemba, pamenepo nsidze zimaoneka ngati diso lomera timaudzu pamwamba. Dikishonale yakale ya Shuowen Jiezi yomwe Xu Shen analemba cha m'ma 100 AD imangofotokoza mwachidule kuti ndi ubweya wa pamwamba pa diso.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti boma la China litafupikitsa zilembo zambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ichi sanachikhudze. Ndiye wa ku Beijing, wa ku Taipei ndi wa ku Tokyo onse amalemba 眉 mofanana, mwaphunzira kamodzi mwamaliza.

Kalembedwe, mizere 9

Musayambe ndi bolopeni. Tulukani panja pa mchenga ndi kamtengo ngati mmene tinkachitira ku sitandade 1, lembani chachikulu ngati mbale ya nsima kuti dzanja lizolowere. Mzere umodzi ndi kuchokera pomwe kamtengo kagunda pansi mpaka pomwe mwakanyamula, olo mukhote pakati umakhalabe umodzi, apa ndi pomwe achemwali ankawerengera 11 mmalo mwa 9.

Woyamba, yambirani kumanzere pamwamba kokani kupita kumanja kenako khotani kutsika pang'ono osanyamula dzanja. Wachiwiri ndi kamzere kakafupi koimirira pakati penipeni, kogawa kadengako zipinda ziwiri. Wachitatu ndi wogona, wotseka zipinda ziwirizo mmunsi. Wachinayi ndi mchira uja, bwererani pakona ya kumanzere pamwamba mutsike nawo chopindikira kumanzere mpaka pansi, ukhale wautali, usachite manyazi. Pamenepo denga latha ndipo pansi pake kumanja kwa mchira kwatsala malo. Mmenemo lowetsani diso: mzere woimirira wa kumanzere, kenako wa pamwamba wokhotera kutsika kumanja, timizere tiwiri ta mkati, pomaliza wotseka pansi. Lamulo lake ndi la kukhola, mbuzi zilowe kaye kenako mutseke chitseko, musatseke bokosi musanaike za mkati.

Kamzere kachiwiri kaja musakaiwale chonde. Mukakasiya denga limasanduka 尸 lomwe ndi chilembo cha mtembo. Komanso mkati mwa diso muwerenge timizere tikhale tiwiri, kakakhala kamodzi ndiye kuti mwalemba 日, dzuwa.

Ena amati kodi dongosolo la mizereli ndi lofunikadi poti chilembo chikatha chimaoneka chimodzimodzi. Ine ndimati ndi lofunika. Mukatsata dongosolo chilembo chimakhala bwino osapendekeka, dzanja limachikumbukira lokha mutu uli kwina, komanso mukamalemba ndi chala pa foni mothamanga foniyo imakumvani msanga. Lembani ka 20 lero, ka 10 mawa, mkucha muyese osayang'ana.

Pali azibale ake ofanana nkhope amene angakupusitseni mushopu mukamayang'ana mothamanga. 看 ndi dzanja pamwamba pa diso ngati mmene timachitira tikamayang'ana bwato kutsidya dzuwa likuswa mtengo, tanthauzo lake ndi kuyang'ana. 肩 ndi phewa, pansi pake si diso ayi, ndi chilembo chotseguka mmunsi chokhala ndi kamwendo. 盾 ndi chishango. Ndiye chija chinawapweteka achemwali, 眼, chomwe ndi diso pa Chitchaina cha tsiku ndi tsiku, muwona 目 ali pambali kumanzere osati pansi pa denga. Funso lodzifunsa ndi limodzi: diso lili pansi pa kadenga ka zipinda ziwiri? Ngati eya ndi nsidze.

Katchulidwe ka ku China

Pa Chimandarini chomwe ndi chilankhulo cha boma ku China ndi ku Taiwan amati méi, tchulani ngati meyi koma mwakamodzi osadula pawiri. Kachizindikiro kali pamwamba pa e ko kakukuuzani kuti mawu akwere, ngati mmene mumayankhira munthu akakuitanani chapatali simunamve bwino, ee? Ife Achewa, Amang'anja ndi Asena izi sitiyenera kuziopa ngati mmene amaziopera azungu, makutu athu anazolowera kale, mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa mtengo wa malambe ndi mtengo wa shuga popanda wina kumuphunzitsa, kusiyana kwake kuli pa kukwera ndi kutsika kwa mawu basi. Kungoti ife sitizionetsa polemba. Ndiye méi wokwera ndi nsidze, měi wotsika kaye kenako n'kukwera ndi kukongola, 美, mèi wogwa mwamphamvu ngati mukukalipa ndi mchemwali wamng'ono, 妹.

Vuto lina n'lakuti méi wokwera yemweyo alinso ndi matanthauzo ena olembedwa ndi zilembo zina, pali malasha, pali nkhungu za pa chakudya, komanso pali 没 uja wa méi yǒu kutanthauza palibe, amene aliyense wolowalowa mumashopu a Matchaina anamumvapo. Ndiye musamangoti méi yekha. Eniake amati méimao, 眉毛, ubweya wa nsidze, ndipo pensulo yake ndi méibǐ, 眉笔. Mukafuna kuyesa chiganizo chonse nenani wǒ yào méibǐ, ndikufuna pensulo ya nsidze. Lilime likakana musavutike, onetsani cholembedwa.

Amene mumapita ku Guangzhou kukaoda muzamvanso Chikantoni, chilankhulo cha kumeneko ndi ku Hong Kong, iwo amatinso mei koma mawu ali pansi akutsika. Ndipo pa katundu wa ku Taiwan ndi Hong Kong pensulo imalembedwa 筆 osati 笔, musadabwe, chilembo cha nsidze chili pambali pake sichinasinthe.

Ku Japan chilembo chimodzi chili ndi pakamwa patatu

Apa khalani pansi kaye. A ku Japan anali kale ndi mawu awoawo a nsidze, mayu, asanalandire zilembo kuchokera ku China. Zilembo zitabwera sanataye mawu awo koma anatenganso katchulidwe ka alendowo, ndiye 眉 amawerengedwa mayu akakhala yekha kapena ndi mawu ena a Chijapani chenicheni, ndipo amawerengedwa bi kapena mi akakhala m'mawu obwereka. 眉毛 yemwe uja wa méimao ku Tokyo ndi mayuge. 眉間, pakati pa nsidze ziwiri pomwe timachita tsinya, ndi miken. Boma la Japan lili ndi mndandanda wa makanji oti munthu aliyense womaliza sukulu awadziwe, ndipo 眉 analowamo mu 2010 pomwe mndandandawo unafika pa zilembo 2,136.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi 眉山, nsidze ndi phiri. Ku China m'chigawo cha Sichuan ndi mzinda wa Meishan, kwawo kwa mlakatuli Su Shi amene anabadwa mu 1037. Ku Japan mu mzinda wa Tokushima muli phiri lolembedwa chimodzimodzi koma amati Bizan. Ndiye ku Shimabara, chigawo cha Nagasaki, kuli phiri linanso zilembo zomwezo amati Mayuyama, limene mu 1792 linagumuka n'kugwera m'nyanja, mafunde ake ndi kugumukako zinapha anthu pafupifupi 15,000. Mayina atatu zilembo ziwiri zomwezo, ndipo onse akuwona chinthu chimodzi, phiri lopindika ngati nsidze. Tsiku lina mukamatsika zikhotakhota za ku Thabwa madzulo mudzayang'ane mizere ya mapiri kumbuyo kwanu mudzawamvetsa.

Kodi mungadziwe bwanji kuti paketi ndi ya ku Japan osati China? Fufuzani tizilembo tosavuta topindikapindika ngati の kapena ま pakati pa zilembo zovutazo, kapena ta makona ngati アイブロウ. Tomalizati ndi mawu achizungu a nsidze olembedwa Chijapani ndipo makampani a zodzoladzola amatikonda kwambiri, nthawi zina paketi yonse osapezapo 眉 koma iti, ndiye tijambuleni pa foni mukhale nato.

Pali mawu ena a ku Japan oti mungawakonde, mayutsuba, 眉唾, malovu pa nsidze. Ife m'nthano wochenjera ndi kalulu, iwo ndi nkhandwe, ndipo makolo awo ankati ukapaka malovu pa nsidze nkhandwe singakupusitse. Lero munthu akati nkhani iyi ndi mayutsuba akutanthauza kuti ndi yokayikitsa, usaimeze yonse. Mawu a mnyamata wa ku Limbe uja anali oti achemwali apake malovu pa nsidze.

Korea ndi Vietnam, chilembo chinabisala koma mawu alipo

Ku Korea masiku ano amalemba ndi alifabeti yawo ya hangul imene mfumu Sejong inakonza mu 1443 n'kuilengeza mu 1446, muizindikira ndi timabwalo ndi timizere towongoka. Pa paketi ya ku Korea simuzawona 眉 kawirikawiri, muzawona 눈썹, nunsseop, mawu awo enieni a nsidze, kapena 아이브로우 omwe ndi achizungu aja. Koma chilembochi amachidziwa, amachiwerenga mi, ndipo ana akamaphunzira hanja amaloweza tanthauzo ndi kulira pamodzi, nunsseop mi, ngati kunena kuti mi wa nsidze uja. Chimakhala m'mimba mwa mawu ngati migan, yemwe ndi miken wa ku Japan uja, pakati pa nsidze.

Vietnam inalemba ndi zilembo za Chitchaina zaka mazanamazana isanasamukire ku zilembo ngati zathuzi, ndipo kumeneko 眉 amawerengedwa mi. Koma taonani zomwe zinachitika, lero lông mi ndi ubweya wa pa chikope, pomwe nsidze za pamwamba ndi lông mày, ndipo akatswiri amati mày ameneyu anachokeranso ku chilembo chomwechi kungoti anabwerekedwa kale kwambiri. Zimandikumbutsa ife tomwe, ambiri timati nsidze kutanthauza za pamwamba ndi za pa chikope zomwe, mpaka kasitomala amachita kuloza ndi chala kuti ndikunena izi. Pensulo yake amalemba chì kẻ mày. Chenjezo laling'ono, mày payekha ndi mawunso oitanira munthu mopanda ulemu, kuposa kunena iwe kwa apongozi, ndiye musamangomutchula pamaso pa munthu wa ku Vietnam.

Tsopano ikani méi, mei, mi, bi, mi, mày pamzere muwatchule motsatizana. Mukumva kuti ndi mawu amodzi amene anayenda maulendo n'kusintha pang'ono paliponse pomwe anagona, ngati mmene Chisena, Chimang'anja ndi Chichewa cha ku Dowa zimasiyanirana koma ukatchera khutu umamva kuti mizu ndi imodzi. Okhawo osiyana ndi mayu ndi nunsseop, eni mudzi amene analipo alendo asanafike.

Kuchilemba pa foni

Ngati foni yanu ndi ya Android ndipo kiyibodi ndi Gboard, lowani mu Settings ya kiyibodiyo, dinani Languages kenako Add keyboard, fufuzani Chinese ya Simplified, musankhe Pinyin, yolembera mawu a Chitchaina ndi zilembo zathuzi, komanso Handwriting, yolembera ndi chala, zonse ziwiri. Chitani izi muli ndi bandulo kapena pomwe netiweki ili bho chifukwa pali zina zoti idawunilode. Mukamaliza pansi pa kiyibodi pabwera kachizindikiro ka dziko lapansi kosinthira zilankhulo. Pa Pinyin musalembe mei yekha chifukwa pabwera zilembo zambirimbiri muzasochera, lembani meimao kapena meibi, mawu onse atuluka pamwamba mungodina. Pa Handwriting mumajambula ndi chala, apa ndi pomwe mchenga uja ukubwezereni phindu. Ya Chijapani ndi chimodzimodzi, onjezani Japanese, lembani mayu musankhe 眉.

Google Translate ili ndi kamera yowerenga paketi, ndi yothandiza koma dawunilodiranitu Chitchaina muli kunyumba, komanso pa pensulo yozungulira yonyezimira ndi zilembo ting'onoting'ono imaphonya kwambiri, ine ndinaionapo ikutembenuza dzina la mtundu wa pensulo kukhala nkhani ya chakudya. Dikishonale ya Pleco imagwira popanda intaneti ndipo imatchula mawu kuti mumve. Amene muli pa kompyuta, nambala ya chilembochi mu Unicode, mndandanda wa zilembo wa makompyuta, ndi U+7709, imodzi yomweyo ku China, Japan ndi Korea. Foni ikakhala ya mabatani mwina muzangowona timabokosi topanda kanthu, pamenepo katoni ndi maka ndiye yankho.

Mukafika pa shelefu

Apa ndiye pagona nkhani kwa a masaluni. Pezani 眉 kaye, kenako muyang'ane chilembo chomaliza chifukwa ndi chomwe chimanena kuti chinthucho n'chiyani. 眉笔 ndi pensulo. 眉粉 ndi paudala wa nsidze. 眉刷 ndi kabulashi. 修眉刀 ndi kalezala kometera nsidze, 刀 ameneyo ndi mpeni. 染眉膏 ndi kirimu wosintha mtundu wa nsidze. Zomwe si za nsidze koma zimakhala shelefu yomweyo ndi 眼线笔 uja wa m'mphepete mwa diso, 睫毛膏 wa ubweya wa pa chikope, ndi chilichonse choyamba ndi 唇 chomwe ndi cha milomo, ndipo mapensulo a milomo abulauni amafanana kwambiri ndi a nsidze mukawayang'ana kunja.

Kwa ife a kuchigwa pali zilembo zinayi zomwe ndimati n'zofunika ngati chilembo cha nsidze chomwe: 防水, yosalowa madzi, ndi 防汗, yosasungunuka ndi thukuta. Pa zilembo zachiwirizo, 水 ndi madzi, 汗 ndi thukuta. A ku Dedza kapena ku Mzuzu angathe kusalabadira, ife ayi, ukwati wa pa Bangula mu November mkwati amakhala pa dzuwa kuyambira 9 koloko mpaka perekaniperekani atatha. Sikuti chilichonse cholembedwa 防汗 chimapiriradi, ena amangolemba, ndiye gulani imodzi kaye mukhwatche pa dzanja muyende nayo mu Limbe ola limodzi, mukapukuta ndi chala chonyowa muwona nokha. Mitundu yake 黑 ndi yakuda, 棕 ndi bulauni, 灰 ndi yotuwa, 咖 ndi ya khofi, ndipo 深 kutsogolo ndiye kuti yoderapo pomwe 浅 ndi yowala. Pa khungu lathu 深咖 kapena 深棕 ndi yomwe achemwali amati imakhala ngati nsidze zenizeni, yakuda bii imaumitsa nkhope.

Madeti musaiwale. 生产日期 ndi tsiku lomwe anapanga, 保质期 ndi kutalika kwa nthawi yomwe chingakhale, mwachitsanzo 3年 ndi zaka zitatu, ndipo amayamba ndi chaka kenako mwezi kenako tsiku, ndiye 20240315 ndi 15 March 2024. Pa za ku Korea deti yotsatana ndi 까지 ndiye yothera. Mukafika nazo kuno musaziike pa windo kapena pafupi ndi malata, sera wa mupensulo amafewa n'kuthyokera mkati.

Zina zoti chilembochi chikhazikike mumtima

Ine ndinapeza kuti chilembo chimakhala m'mutu ukachiwona chikugwira ntchito m'mawu a anthu, osati pa paketi pokha. Pali 燃眉之急, rán méi zhī jí, vuto loti moto wafika pa nsidze. A ku Japan amati shōbi no kyū, a ku Korea chomi, onse nsidze zikupsa. Aliyense amene anaweramirapo pa mbaula wina atathira palafini akudziwa kuti moto ukafika pamenepo palibenso zoti tidikire mawa. Ife timati madzi afika m'khosi, ndipo kuno si mwambi chabe, amene tinali kuno mu March 2023 nthawi ya Freddy tinawaona madziwo ndi maso. Iwo moto ife madzi, koma nditawerenga mawuwa koyamba ndinamva kuti anthu amenewa akudziwa chomwe ife tikudziwa.

Palinso 白眉, nsidze yoyera, báiméi ku China, hakubi ku Japan, baekmi ku Korea. Nkhani yake ili m'mbiri ya Maufumu Atatu a ku China wakale yomwe Chen Shou analemba. Banja la a Ma linali ndi ana aamuna asanu onse anzeru, koma Ma Liang amene ankatumikira mfumu Liu Bei anali ndi ubweya woyera mu nsidze zake ndipo anthu a kwawo ankati mwa asanuwo wa nsidze yoyerayo ndiye katswiri. Mpaka lero ku Japan ndi ku Korea chinthu chopambana zinzake zonse amachitchula choncho. Ku Korea kuli kamsampha, baekmi ndi mpunga woyeranso, mu hangul zimalembedwa chimodzimodzi, kusiyana kumaoneka pokhapokha alembe hanja, 白眉 ndi 白米.

Ndipo chilembochi chili ndi ana ake. Mukachiwona chili kumanja kwa chilembo china dziwani kuti kawirikawiri chikubwereketsa kulira kwake, mei, nthawi zina ndi tanthauzo lomwe. Ikani madontho atatu a madzi kumanzere mupeza 湄, m'mphepete mwa mtsinje pomwe madzi akumana ndi udzu, nsidze ya madzi, mukaima pa mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa n'kuyang'ana bango m'mbali mwa Shire ndi chimenecho. Chilembo chomwechi ndi chomwe chimayamba dzina la mtsinje wa Mekong pa Chitchaina. Ikani mtengo kumanzere mupeza 楣, lintala ya pamwamba pa chitseko, nsidze ya khomo. Olo malo opanda kanthu a pamwamba pa tsamba la buku amawatchula nsidze ya buku, ndipo ndemanga zomwe mphunzitsi amalemba pamenepo ndi 眉批.

Achemwali zonsezi za mapiri ndi a Ma Liang sanazigwire ndipo sindinawakakamize. Chomwe anachita, anang'amba chivundikiro cha katoni ya mapensulo olakwika aja, analemba okha ndi maka 眉笔 chachikulu, pansi pake 防汗 ndi 深咖, mchira wa denga unapendekeka pang'ono koma timizere ta m'diso ndi tiwiri ndipo kamzere ka pakati kalipo. Kakatoniko kamakhala mu chikwama limodzi ndi chiphaso chawo. Ulendo wa mu April anakaonetsa kwa mayi wa Chitchaina amene amakhala pa kauntala, mayiyo anawerenga mokweza, anafunsa kuti walemba ndani, achemwali anadziloza pachifuwa, ndiye anadzuka yekha kukawatengera ku shelefu ya mkati. Ya thukuta inalipo mitundu iwiri, anatenga imodziimodzi kaye n'kukhwatcha pa dzanja, anakagula mawigi kwina, pobwerera anaoda madazeni awiri a yomwe inatsala pa khungu.